Ngati simubwera, nenani kuti simubwera

Ndakwiya ndipo sindibisa. Pano ndi Lamulungu usiku, mawa m'mawa ndikubwerera kuntchito, koma mukandifunsa kuti Loweruka langa linapita kuti, ndikuuzani kuti linathera pakhonde, maso ali pageti, kudikira munthu amene anati afika 9 koloko m'mawa. Anafika kutada. Munthu wamkulu, wandevu zake, amene anandiuza ndi pakamwa pake kuti, "Bwana, 9 koloko ikamakwana mundipeza ndili padenga lanu."

Nkhani yake inayamba Lachinayi usiku. Kunawomba chimphepo, dishi ya TV n'kusuntha. Kutacha, chithunzi palibe. Amene muli ndi dishi mukudziwa kuti zimachitika. Setilaiti imene dishi imayang'ana ili makilomita pafupifupi 36,000 m'mwambamo, ndiye dishi ikangopendekeka pang'ono, ngakhale maso ako asaone kusiyana, siginolo yathawa. Si matenda aakulu. Wodziwa ntchito amakwera ndi kamakina kake koyezera siginolo, kumasula mabawuti, kutembenuza pang'onopang'ono mpaka kamakinako kavomere, kumanganso, basi. Mphindi 20, zikachuluka theka la ola. Kamakinako ine ndilibe, n'chifukwa chake ndinafuna mmisiri.

Lachisanu masana ndinamuimbira. Ndipo pano ndi pamene pakundiwawa, chifukwa ndinamupatsa mpata wokana. Ndinati, "Achimwene, ngati mawa mwapanikizika ndiuzeni panopa, ndifune wina. Mawa 5 koloko madzulo timu yanga ikusewera, ndipo m'mawa ndili ndi zoti ndiyendere." Iye anati, "Ayi bwana, musafune wina, ntchito imeneyo ndi yanga." Ndinabwerezanso kufunsa. Anabwerezanso kulonjeza. Ndinali ndi nambala ya mmisiri wina m'foni momwemu, koma sindinaimbe, chifukwa munthu wandiuza kuti abwera.

Loweruka ndinadzuka kusanache. Ndinachapa, ndinayanika, ndinasesa pabwalo, ndinasuntha zonse zimene zinali pansi pa dishi kuti makwerero apeze poima. Tsiku ndinali nditaligawa bwinobwino m'mutu. Dishi ikatha 10 koloko, ndipite ndi mwana wanga wamwamuna kokameta, ndisiye nsapato zake za kusukulu kwa wosoka, ndikatenge mankhwala a BP a mayi anga ndikawasiyire, kenako ndikakumane ndi mayi a kunyumba tinyamule limodzi zinthu za m'nyumba za sabata yonse. 3 koloko ndikhale ndabwerako, ndisambe, ndikhale pampando. Sindinapemphe zambiri pa tsiku limenelo. Zimenezo basi.

9 koloko inakwana, zii. 10 koloko ndinaimba. "Ndili m'njira bwana." Mayi a kunyumba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Abambo, ine ndinyamuke, mundipeza komweko." Anapita. Ine sindikanachoka, chifukwa nyumba sungaisiye yotseka pamene munthu akubwera kudzakwera padenga, ndipo sungasiye ana okhaokha ndi mlendo. 11 koloko itapitirira ndinaimbanso. "Ndatsala pang'ono, ndili pafupi pompa." Pafupi pompa! 1 koloko foni inangolira osayankhidwa. Ndinalemba pa WhatsApp, timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu, kusonyeza kuti wawerenga, koma yankho palibe. 3 koloko anayankha yekha: "Mphindi 10 zokha bwana, musadandaule."

Mukuona chimene anachita? Sanangochedwa ayi. Kuchedwa aliyense amachedwa, ngakhale ine ndinachedwapo. Iyeyu amandimangirira pageti ndi bodza limodzi, bodzalo likayamba kumasuka n'kubweretsa lina. Akananena 9 koloko kuti, "Bwana, lero sinditha," ndikanaimbira wina, kapena ndikanatseka nyumba n'kupita kokachita zanga, mpira ndikanakaonera kwa mnzanga. Akananena 11 koloko, tsiku ndikanalipulumutsabe. Ngakhale 1 koloko, theka lake likanakhala langa. Mawu awiri okha, "lero sinditha". Kodi mawu amenewa ndi olemera chotani kuti munthu wamkulu alephere kuwatulutsa m'kamwa?

Ngati simubwera, nenani kuti simubwera. Palibe amene angakumenyeni. Palibe amene angakutengereni kupolisi chifukwa mwakana ntchito. Koma musanene kuti muli m'njira pamene muli padenga la munthu wina. Musanene kuti muli pafupi pamene simunanyamuke n'komwe. Akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, kusonyeza kuti mawu a munthu si chinthu chosewera nacho. Ena inu mumalonjeza ngati mukupereka moni.

Mayi a kunyumba anabwerako 2 koloko, matumba awiri m'manja, lina pamutu, thukuta kamukamu. Sanalankhule zambiri, anangofunsa kuti, "Sanabwerebe?" Funso limenelo linandipweteka kuposa kundikalipira. Katundu amene tikanagawana anamunyamula okha, chifukwa mwamuna wawo ali pakhonde kudikira mphepo. Mwana sanamete. Nsapato zinakhala pomwe ndinaziika m'mawa, pafupi ndi chitseko. Kogula mankhwala anatseka ndisanafikeko. Ndipo chakumadzulo mayi anga anaimba, mawu ali pansi, "Mwanangu, wandiiwala kodi? Atsala a mawa okha." Ndiwayankhe chiyani? Ndiwauze kuti mankhwala awo achedwa chifukwa cha munthu amene sakumudziwa, amene waganiza kuti tsiku langa ndi lake?

Chimene anthu otere samvetsa n'chakuti ukaba tsiku la munthu mmodzi, waba la anthu onse amene amadalira munthuyo. Iye amaona ngati wachedwetsa dishi. Anachedwetsa nkhalamba yodwala, anasenzetsa mayi katundu, anasiya mwana ndi tsitsi losameta. Zonsezi iye sanazione, ndipo sadzaziona.

Ndiye mpirawo. Ndikudziwa kuti ena muyamba kale kulemba kuti, "Aaa, nkhani yonseyi ndi ya mpira basi?" Inde, mpira ulimo, ndipo sindichita nawo manyazi. Ndimagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, ndimatuluka kusanache n'kubwera kutada. Mu sabata yonse, nthawi imene ndimati iyi ndi yanga, yosatumidwa ndi munthu, yosayankha foni ya bwana, ndi mphindi 90 zimenezo. Wina amapuma pogona, wina pocheza, ine ndimapuma poona anyamata 22 akuthamangitsa chikopa, mwana wanga ali pambali panga kundifunsa kuti ofusayidi n'chiyani. Iye anali atavala kale jezi yake kuyambira masana. 5 koloko itakwana anabwera kudzaima patsogolo pa TV yopanda chithunzi, n'kundifunsa kuti, "Adadi, amalume aja abwera?" Mundiuze inu amene mukuti ndi mpira chabe, mukanamuyankha bwanji?

Ndipo mpira womwewo, umene ena amaunyoza kuti ndi masewera a ana, umalemekeza nthawi kuposa akuluakulu ambiri amene ndimawadziwa. Akati masewero ayamba 5 koloko, kherere amalira 5 koloko. Malamulo amati zigawo ziwiri za mphindi 45, kupuma kosapitirira mphindi 15, ndipo zimatero. Mu 2024 akuluakulu a Premier League analipiritsa Manchester City chindapusa choposa mapaundi 2 miliyoni chifukwa chochedwa kuyamba masewero kapena kubwerera m'bwalo pambuyo popuma, maulendo 22. Kuchedwa kwake kunali kwa mphindi imodzi, mphindi ziwiri. Timu yolemera, imene inali itangotenga ligi, koma sanaisiye. Kuyambira mu 2025 goloboyi akagwira mpira m'manja kupitirira masekondi 8, woyimbira amapereka kona kwa timu inayo, ndipo masekondi 5 omaliza amawawerenga ndi zala, dzanja lili m'mwamba, aliyense akuona. Masekondi! Pa Chikho cha Dziko Lonse cha 2022 ku Qatar, nthawi iliyonse yotayika amaibweza. Masewero a England ndi Iran, amene anatha 6-2, anawonjezeredwa mphindi zoposa 20, zambiri chifukwa goloboyi wa Iran anavulala m'chigawo choyamba. Kumeneko mphindi ikatayika, pali munthu woiwerenga n'kuibweza. Ine maola anga 10 andibwezera ndani? Madzi akatayika saoleka. Loweruka limenelo silidzabweranso, lapita.

Anafika 7 koloko itadutsa, masewero atatha kale. Anatsika panjinga yake akumwetulira, "Bwana, ndafika!" ngati wabwera ndi mphatso. Anakwera padenga mumdima, ine ndili pansi kumuunikira ndi tochi ya pafoni. Mphindi 15 sizinakwane, chithunzi chinabwera. Potsika anati, "Mwaona bwana, kantchito kakang'ono." Kakang'ono, eya. N'chifukwa chake ndakwiya. Kantchito ka mphindi 15 kandidyera tsiku lathunthu. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, bwanji simunandiuze m'mawa kuti simutha?" Anangokanda m'mutu n'kuti, "Zinthu zinangochuluka bwana." Pepani sanatuluke m'kamwa mwake. Ndalama zake anawerenga zonse, osachotsapo kanthu, ndipo ine ndinamupatsa chifukwa ntchito anagwira ndipo sindibera munthu thukuta lake. Koma iye tsiku langa anatenga ulele.

Mwina anavomera ntchito zisanu tsiku limodzi poopa kuti ina imuphonya. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zake zimenezo, sizikundikhudza. Ine ndikunena za foni imene inali m'thumba mwake tsiku lonse, foni yomweyo imene anawerengera uthenga wanga n'kuubweza m'thumba. Kulemba kuti "lero sinditha" sikutenga masekondi 8 amene goloboyi amapatsidwa aja.

Ndipo musaganize kuti ndikunena amisiri okha. Ndikunena inu nonse a "ndili m'njira" muli m'bafa. Inu a "ndikuimbiraninso pompano" mpaka sabata kutha. Inu amene mumapangana ndi munthu kuti mukumane 2 koloko, iye n'kusiya zake zonse, inu n'kutulukira 4 koloko mukuseka, n'kumadabwa kuti nkhope yake yakwinyika bwanji. Mumaona ngati kukana ndi mwano, ndiye mumavomera chilichonse kuti muoneke abwino. Mwano weniweni ndi umenewu, wosunga munthu pageti ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Wondikana m'mawa wandilemekeza. Wondivomera n'kusabwera wandiyesa chitsiru, waona kuti ndilibe kopita, ndilibe mayi, ndilibe ana, ndilibe chochita koma kudikira iye. Kanani! Nenani kuti simutha! Tidzakuimbiraninso tsiku lina, chifukwa tidzadziwa kuti mawu anu ndi mawu. Koma uyu nambala yake ndafufuta usiku womwewo, ndipo aliyense wondifunsa za mmisiri wa dishi sadzamva dzina lake kwa ine.

Lero Lamulungu, tsiku limene ndikanapuma, ndalithera kulipira ngongole za dzulo. M'mawa kuthamangira mankhwala, kuzungulira mpaka kupeza potsegula, kukawasiyira mayi n'kuwapepesa pa mlandu umene si wanga. Masana kokameta, pamzere wautali chifukwa aliyense akukonzekera Lolemba. Wosoka nsapato sanatsegule, ndiye mwana mawa apita kusukulu ndi nsapato yong'ambika yomweyo. Madzulo panali masewero ena pa TV, a matimu amene sindiwatsata, ndinawaona ndili chiimire ndikusita mayunifolomu, theka la maganizo lili kwina. Umenewo si mpumulo.

Ndipo pali winanso amene ndili naye mawu. Dzulo usiku dishi itakonzedwa ndinauza ana kuti asatsegule tchanelo cha mpira, chifukwa masewero aja amawabwereza m'mawa ndipo ndimafuna ndiwaone ngati sindikudziwa kanthu. Ndinalemba pagulu lathu la WhatsApp kuti, "Anzanga, sindinaonere, chonde wina asandiuze zigoli." Ndinalemba momveka, m'Chichewa chosavuta. Gulu ndinalitseka pakamwa kuti lisamandilirire. Pasanathe mphindi 5, wina wa pagulu pomwepo, amene anawerenga uthengawo, ananditumizira kumbali, kwa ine ndekha, zigoli zonse, amene anamwetsa, mphindi zimene anamwetsera, ndi tinkhope toseka pamwamba. Kumbali! Anachita kutuluka pagulu n'kundisakasaka. Iweyo ukudzidziwa, ndipo ukuwerenga izi. Unapindulanji?