Chenjezo kwa inu omangira apolisi lamba

Ana anga ndi adzukulu anga oyenda pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, lero ndikutsinani khutu, ndipo ndikutsinani mopweteka.

Lachisanu lapitali ndinakwera Sienta pa boma la Dedza kupita kumsika wa Lizulu. Chifunga chinali chitakuta msewu mpaka cha ku Bembeke. Mnyamata woyendetsa anali atadutsitsa lamba kumsana n'kumukhomera komweko kuti kabelu kaleke kumusokosa. Pampando wakutsogolo panali mayi, khanda lili pamiyendo. Titayandikira pomwe pamaima apolisi apamsewu, mnyamata uja anakokera lamba pachifuwa n'kuuza mayiyo kuti, "Ponyani lamba apo mayi, mabwana ali kutsogoloku." Kungodutsa, onse anamuchotsa ngati wawaotcha. Ndinafunsa kuti, "Mwananga, lambayu umamangira yani?" Iye anati, "Agogo, Lizulu ndi pompa, msewuwu ndimaudziwa ngati kuseri kwa nyumba yathu."

Mtima unandiwawa. Ndagwira chiwongolero zaka zambiri, ndipo anzanga ena amene ankayankhula choncho ndinakawaperekeza kumanda. Msewu ungaudziwe, koma mbuzi yotulukira m'chifunga, ngolo yopanda nyali kapena tayala lophulika sizifunsa kuti unayamba liti kuyendetsa.

Mvetserani tsono. Galimoto ikamathamanga, thupi lanu nalonso likuthamanga liwiro lomwelo, ngakhale mukuona ngati mwangokhala phee. Ikagunda chinthu n'kuima, thupi silimva buleki, limapitirira ulendo. Munaonapo thumba la mbatatesi kumbuyo kwa pikapu dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi? Limakaomba kutsogolo. Munthu wopanda lamba ndi thumba limenelo, koma iye amakaomba ndi mutu pagalasi, ndi nthiti pachiwongolero. Kugunda pa liwiro la makilomita 50 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamwamba potalika pafupifupi mamita 10. Pa makilomita 100 pa ola si mamita 20 ayi, ndi pafupifupi mamita 40. Ndiye wina n'kumati ndidzagwira mpando ndi manja! Manja ake ati? Ndipo inu mayi, chikondi chanu sindikuchikayika, koma palibe mkono umene ungagwire khanda pa nthawi imeneyo. Limachoka m'manja musanaphethire.

Mukakwera galimoto mawa, yesani izi. Kokani lamba pang'onopang'ono, abwera bwinobwino. Mukokeni mwamphamvu kamodzi, akana. Sikuti wawonongeka, ndiyo ntchito yake. Kumene amakulungikira kuja kuli kagudumu ka mano, ndipo kamadzitseka lamba akakokedwa mwadzidzidzi kapena galimoto ikaima modukiza. Galimoto zambiri za masiku ano zilinso ndi kachipangizo kokoka lamba kuti akukanikizeni kumpando ngozi ikangoyamba. Mukatero mumaima pamodzi ndi galimoto, ndipo mphamvu ya kugundako imagwera pa mafupa olimba, a m'chiuno, pachifuwa ndi paphewa.

N'chifukwa chake kamangidwe kali ndi nkhani. Wam'munsi agone pa mafupa a m'chiuno, osati pamimba pomwe pali matumbo. Wam'mwamba adutse pakati pa chifuwa ndi paphewa, osati pakhosi, osatinso kukhwapa monga ndimaonera atsikana oopa kukwinya zovala. Asapotoke, asalende. Amayi oyembekezera musamuope, mudutsitseni m'munsi mwa mimba. Chibaluni chija mumati airbag anachipanga kuti chizigwira ntchito limodzi ndi lamba. Popanda iye chimatha kukuvulazani chokha.

Okhala kumbuyo, inu ndiye mumandikwiyitsa kwambiri. Mumati lamba ndi wa dalaivala ndi bwana wa kutsogolo. Ngozi ikachitika, thupi lanu lonse limauluka n'kukaphwanya wa kutsogolo amene anamanga wake bwinobwino. Mungaphe m'bale wanu ndi msana wa mpando.

Ndamvanso bodza lina m'mabawo, lakuti lamba amakutsekera m'galimoto ikayaka moto, bola kuponyedwa kunja. Amene anatsikako Khwekhwerere kupita ku Golomoti akudziwa mmene makona aja alili. Galimoto ikagubuduzika pamalo otere, woponyedwa kunja amagwera pamiyala, mwinanso galimoto yomweyo n'kumugwera. Womanga lamba nthawi zambiri amatsala ali ndi nzeru zake, n'kumasula ndi chala chimodzi, n'kutulutsanso anzake.

Lamba wogwira malo atatuyu anamupanga Nils Bohlin, injiniya wa kampani ya Volvo ku Sweden, m'chaka cha 1959, ndipo kampaniyo inalola opanga galimoto onse kumugwiritsa ntchito osalipira, poona kuti ndi nkhani ya moyo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti kwa okhala kutsogolo, lamba amachepetsa chiopsezo cha imfa ndi pafupifupi theka. Chinthu chotere chili pambali panu, chaulere, inu n'kumachisungira wapolisi? Chindapusa mungalipire n'kuiwala. Msana wothyoka mudzakhala nawo pa mphasa, akukutembenuzani ana anu.

Eni ma Sienta ndi maminibasi, tulutsani malamba amene munawakwirira pansi pa mipando, ndipo oduka musawamange mfundo, gulani ena. Lekani kupanikiza anthu anayi pa mpando wa malamba atatu. Ana akhale kumbuyo, omangidwa, osati kuimirira pakati pa mipando.

Tsiku lija ndinamuimitsa mnyamata uja tisanafike pa Lizulu. Mayi uja anabwera kumbuyo ndi khanda lake, ine ndinapita kutsogolo, ndipo sitinanyamuke mpaka dalaivala atamasula lamba kumsana n'kumumanga moyenera. Anang'ung'udza njira yonse. Loweruka likubwerali ndikwereranso pa boma pomwepo, ndipo ndikapeza mpando wopanda lamba nditsika, ndidikire ina.