Inu omata makamera pa mapiko a gilaida, tamverani

Ana inu, makamaka amene muli ku Joni uko mwayamba kumapita ku Orient kufupi ndi Magaliesburg kapena ku Gariep Dam kukakwera ndege zopanda injini zija, magilaida. Kukwerako sindikuletsa ayi, ndalama ndi zanu. Koma chibwana ichi chomata kamera ya GoPro kunja pa phiko ndi kamphira koyamwa kaja, kukagwedeza kamodzi nkumati yagwira bho, chimenechi nde chilekeni.

Kamphira kaja sikagwira ndi guluu. Chimakakanikiza ndi mpweya wakunja basi, ndipo mukamakwera m'mwamba mpweyawo umanka nupepuka, pa mamita 3,000 mphamvu yake yatsika kale ndi pafupifupi 30 peresenti, pa mamita 5,500 yatsala theka. Kuonjezera apo kumazizira, madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono pa mamita 1,000 aliwonse, mphira kuuma, tepi kusiya kumata, pomwe mphepo nayo ikukankha osapuma ndipo liwiro likawirikiza kawiri mphamvu ya mphepoyo imawirikiza kanayi. Gilaida imatha kudutsa makilomita 200 pa ola, musaione kuti ilibe phokoso.

Nde ikazuka kamerayo mukuganiza ipita kuti? Kumbuyo, kumene kuli mchira, kumene kuli zowongolera. Anzeru ena amati ndamangirira chingwe kuti isatayike, chingwe chake chachitali ngati choyanikira zovala, kamera nkumalendewera uku ikumenya ndege, mwinanso chingwecho nkukakola pachowongolera. Apo payiloti atani? Alibe injini yoti akwerenso nkudzayesa kachiwiri, gilaida kutera nkamodzi. Ena amakamata pambali zoyendayenda za phiko osadziwa kuti kulemera kochepa komweko kungayambitse kunjenjemera kothyola phiko, ena pafupi ndi timabowo toyezera liwiro mpaka mita nkuyamba kunama.

Komanso pansi pali anthu, paja mumaiwala. Kanthu ka magalamu 150 kakachokera kumwamba konseko sikafunsa kuti mutuwu ndi wa ndani.

Za kutengeka ndi kujambula nazo sizachilendo. Mu May 2014 ku Colorado ndege ya Cessna 150 inagwa kufupi ndi Watkins, anthu awiri nkufa, ofufuza a NTSB, bungwe la ku America lofufuza ngozi za ndege, anapeza GoPro m'zidutswa ikuonetsa payiloti akudzijambula maselfie pa maulendo am'mbuyomo, ndipo anati kusokonezeka ndi foni kuyenera kuti kunathandizira ngoziyo. Iyo inali ya injini, kameranso inali mkati, nanga inu maso ali kuphiko kuona ngati kagetsi kofiira ka kamera kakuphethira, ndege zinzanu zomwe mukuzungulira nazo mumpweya wotentha umodzi aziona ndani?

Musanamate kanthu kalikonse kunja funsani mlangizi ndi mainjiniya a pakilabu ya magilaida, iwo ndi amene akudziwa malo ololedwa ndi zomangira zake za mabawuti. Akati ayi, osayamba matama oti kamera ndinagula modula, ibwezeni m'chikwama.