Miyambi nayonso imatsutsana

Inu amene mwalemba nkhani yokhudza miyambi, mwalemba bwino, makamaka pamene mwati mawu anzeru sakalamba. Koma mwaona kuti amatsutsana okhaokha? Akuluakulu omwe anati kuona maso a nkhono n'kudekha ndi omwewonso anati ndionetsetse anathetsa nkhosa. Nanga munthu udekhe kapena ufulumire? Ine ndimaona ngati aliyense amatola mwambi womukomera zinthu zitachitika kale.

Umene unandigwira pakhosi ndi wakuti walira mvula walira matope. Ndinalimbana zaka zitatu kuti andikweze pantchito. Atandikweza, foni inayamba kulira ngakhale pakati pa usiku, anzanga amene tinkaseka nawo n'kumangoti zii ndikalowa. Mkazi wanga ndiye anandikumbutsa mwambiwo, akuseka ndithu, ine ndikufufuza nsapato mumdima kuti ndithamangire ku ofesi Loweruka.