Malo ndi aakulu, bwana, mukwana

Chimene chimanditopetsa pa malo ogona anthu oyenda ndi kalavani (kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto) ndi yankho lakuti "malo ndi aakulu, bwana, mukwana." Aakulu bwanji? Ukafunsa mamita, woyankha foni amangoseka.

Kalavani imene papepala alemba kuti ndi ya mamita 5, nthawi zina amakhala atayeza bokosi lokha. Chitsulo chokokera chakutsogolo chija chimawonjezera mita imodzi kapena kuposerapo. Ndiye pali galimoto yokoka: Hilux ya double cab payokha imapitirira mamita 5. Ukatambasula tenti ya m'mbali, mamita ena awiri ndi theka apita. Zonsezi zikwane pa kamalo kamene munthu anangoyeza ndi maso?

Choipitsitsa ndi polowa chobwerera m'mbuyo. Kalavani siikhota ngati njinga, imafuna mpata kutsogolo woti galimoto izungulire. Koma pakhomo penipeni pali mtengo wa mango, nthambi zikukanda denga, mpopi wa madzi uli pakona pomwe tayala liyenera kudutsa, ndipo aneba atulutsa kale mipando kuti akuonere bwino. Ukalowa movutikira chotero, chingwe chamagetsi nacho chaperewera kufika pa soketi. Lembani utali ndi mulifupi wa malowo pa chikwangwani, eni malo inu!