Mukasamukira ku Mangochi ndi ana, musawatsekere mu fensi

Maganizo anga ndi awa, wofuna kukwiya akwiye. Ife obwera ku Mangochi pa thiransifa timazunza ana athu tokha. Timakhala pansi kuwerengera ndalama ya lole, ya lendi, kuti firiji ikwera bwanji, koma mwana wa zaka zinayi amene wasiya agogo ake ndi anzake onse palibe amamuganizira, eti ndi mwana azolowera. Tikafika nkumutsekera mu fensi chifukwa cha nkhani zomwe tinamva za kuno tisanabwere. Ndiye azolowera bwanji?

Ife tinachokera ku Mzuzu, msewu wa mmbali mwa nyanja uja, Nkhata Bay, Dwangwa, Nkhotakota, Salima mpaka kukhota pa Golomoti. Tsiku lonse mu galimoto. Koma ulendowo si nkhani ayi, ana amagona, amasanza, amadzuka kulirira chipisi, zimatha. Nkhani imayamba mawa lake mwana akadzuka mnyumba yachilendo thukuta lili chuchuchu pomwe anazolowera kugona ndi juzi, nkufunsa kuti tibwerera liti kwathu.

Ngati abwana anu ndi omva, pemphani kusamuka mu Ogasiti. Sukulu zimakhala zatseka, chaka chatsopano chimayamba Seputembala ndiye mwana amalowa limodzi ndi anzake osati kutulukira pakati pa temu aliyense atapeza kale wokhala naye pa desiki. Komanso kumakhala kusanatenthe kwenikweni, Okutobala ndi Novembala kuno dzuwa silidziwa nthabwala, ngakhale fani imangopukusa mpweya wotentha basi. Kalata ya ahedi ndi kabuku ka sikelo ikani mchikwama cha mmanja, osati mkatoni ya mapoto.

Zoopa zenizeni zilipo, sindikubisa. Udzudzu wa kuno suchita manyazi, neti mumange usiku woyamba womwewo ngakhale bedi isanalumikizidwe. Mwana akatentha thupi musamati ndi dzuwa, kamuyezetseni malungo tsiku lomwelo. Kunyanja malo a bango ndi udzu kuli nkhono za likodzo, mwana akayamba kukodza magazi thamangani naye kuchipatala, mankhwala ake alipo. Mu Shire muli ng'ona, mlatho wa Bakili Muluzi ndi wokongola kujambulirapo koma kunsi kwake si kosewerera ana. Zimenezi opani ndithu. Chomwe sindimvetsa ndi kuopa anthu.

Kuno ambiri ndi Ayao, ambirinso ndi Asilamu, ndipo obwera ena amafika ali ndi mantha opanda mutu. Ndamvapo ndi makutu anga mayi wina wa ku ofesi akuuza mwana wake kuti usamasewere ndi ana a uko. Ana a uko akewo ndi amene amadziwa dooko lomwe kumaoneka ng'ona, ndi amene angakokere mwana wanu kumbali kabaza wa njinga yamoto akubwera mwaliwiro, ndi amenenso angakuuzeni komwe ali pamene mukumusaka madzulo mtima uli mmwamba. Mwana wotsekeredwa sadziwa chilichonse mwa izi, amangodziwa makatuni.

Wanga wamng'ono masiku oyamba ankadzuka nkulira mbandakucha akamva azana ya ku mzikiti, ankaona ngati pali munthu akukuwa. Ndinamuuza kuti akuitana anthu kukapemphera monga belu la ku tchalitchi kwathu, basi nkhani inathera pomwepo, pano amagona osamva kanthu. Mu holide ya Ogasiti ija mumvanso ng'oma ndi nyimbo za zinamwali za jando ndi nsondo, Lachisanu masana muona masitolo ena atseka eni ake apita ku swala, nyama ya nkhumba simuipeza wamba wamba. Ana amafunsa zonsezi, ayankheni zoona osati kuwaopseza kapena kunyoza, chifukwa zomwe mwanena patebulo mawa akazinena kwa aneba ndendende kkkk.

Amene anatithandiza ndi agogo ena okhala kuseri kwa nyumba yathu. Tsiku la Idi anabwera ndi mbale ya mpunga ndi nkhuku atavindikira ndi kansalu, anakhala pa mkeka, kuyang'ana ana anga akusuzumira pa zenera nkundiuza kuti, mwana wanga, adzukulu angawa muziwasiya azibwera kwathu, afa ndi phukwa mmenemu. Kuyambira pamenepo geti ndimasiya chotsegula masana. Pano wamkulu amayankhula Chitumbuka pa foni ndi agogo ake, Chichewa mkalasi, Chiyao pa mpira, ndipo pa msika ndi amene amandinenerera usipa chifukwa ine ndikatsegula pakamwa mtengo umakwera pompo. Ena amati zilankhulo zambiri zimasokoneza mwana, aaa ine wanga sindikuona kusokonekera kwake, osokonekera ndi bambo ake amene mpaka lero moni wa Chiyao amauyankha ndi kumwetulira.

Sindikunena kuti mwana azingoyendayenda mpaka usiku, ayi, dziwani nyumba yomwe ali ndi makolo ake, kadziwonetseni, pa maliro a mdera pitani ngakhale mwambo wake ndi wosiyana ndi wa kwanu.

Ndipo aneba omwewa afunseni musanalipire nyumba. Mu 2024 nyanja inadzaza mpaka madzi kulowa mmaloji ndi mnyumba za mmbali mwake, ndiye ngati mukufuna malo a kufupi ndi madzi kuti ana aziona mabwato, funsani kuti chaka chimenecho madzi anafika pati. Landilodi akuuzani kuti kuno sanafike. Amayi ogulitsa zitumbuwa pa kona akuuzani zoona.