Kadzidzi wa m'siling'i msiyeni alere ana

Ndikudziwa ena munena kuti ndakhwima, koma lekani ndilankhule. Kadzidzi akaikira mazira kudenga kwanu, msiyeni aswe, alere, anawo auluke, kenako mutseke bowo lomwe amalowera. Zoitana anyamata a malegeni, zoswa mazira kapena kuthira petulo tianapiye tamoyo, ine ndakana.

M'tauni muno mbalame timakhala nazo mokondera. Namzeze akamata chisa chake chadothi pakhonde, timangosesa zitosi m'mawa osadandaula. Atchete akaluka zisa mu mtengo wa kuseri kwa nyumba timawajambula pa foni. Khwangwala, amene amabadi anapiye dzuwa likuswa mtengo n'kumwazanso zinyalala za m'bini, timangomukuwiza basi. Koma kadzidzi akalira kamodzi pa malata, kukamacha nkhani ili kale pa gulu la WhatsApp la m'dera, ati wina wamutuma.

Amene amakonda kulowa m'siling'i ndi uja wankhope yoyera, wopanda tinyanga. Salira "huu, huu" monga mnzake wamawangamawanga amene amatera pa pholo ya magetsi. Iyeyu amachita kukuwa mokoka, mawu akuthwa oimitsa tsitsi, ndipo ndivomere, ukawamva pakati pa usiku magetsi atazima mtima umagunda ndithu. Ana ake ndiye amachezera kufwenthera ngati munthu woliza mkonono. Kumeneko n'kupempha chakudya, palibe china. Mayi wawo samanga chisa, amangoikira pamalo pobisika, kawirikawiri mazira 4 mpaka 7, ndipo saikira tsiku limodzi. N'chifukwa chake mukasuzumira mumapeza ana osiyana misinkhu, wina wamera kale nthenga, wina akadali kathonje. Amafungatira pafupifupi mwezi, anawo n'kutha milungu 8 kapena 9 asanayambe kuuluka. Zonse pamodzi ndi miyezi itatu, ikapitirira ndi pang'ono.

Kwa aneba athu ena, kalipentala atakwera kukaona chomwe chinkanunkha, anatsika ndi timibulu takuda todzaza chitini. Mayi a m'nyumbamo anayamba kale kupemphera, ati ndi zithumwa. Titaphwanya kamodzi ndi kamtengo tinapeza ubweya, tinthiti, ndi kachigaza ka khoswe, mano ake awiri akutsogolo aja ali mbee. Tinaphwanya kena, chimodzimodzi. Kadzidzi amameza khoswe wamng'ono wathunthu, ndiye zomwe sizigayika amazilavula zitaumbika choncho. Chitini chonsecho anali makoswe amene akanakhala akuboola matumba a chimanga m'chipinda chosungira katundu ndi kutafuna mawaya a magetsi kudenga komweko.

Ndiye funso loti "wadzatani pakhomo panga" yankho lake lili pa dzala lathu lomwe. Pitani mukaone milu ya zinyalala kuseri kwa misika ya ku Kawale, Ndirande kapena Mchesi, muone makoswe ake kukula. Kwinaku mitengo ikuluikulu yamphako, momwe mbalameyi inkaswera, tinaotchera njerwa ndi makala. Chakudya tamuunjikira, nyumba tamugwetsera. Siling'i yanu ndi mphako yomwe yatsala.

Agogo athu sindikuwanyoza, ndipo amene anataya m'bale kadzidzi atalira dzulo lake sindingamuuze kuti sanamve. Anamvadi. Koma mzinda wa Lilongwe pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni. Mumzinda wotere tsiku silipita popanda maliro, ndipo akadzidzi amalira usiku uliwonse. Mausiku onse omwe analira kukacha tonse tili bwinobwino sitiwawerenga. Timasunga umodzi womwe unatsatana ndi uthenga.

Chomwe chimandiopsa ine ndi tameki. Timamugula pamsika wopanda ngakhale pepala la malangizo, n'kumuika m'kansima kuseri kwa kabati, m'nyumba momwe muli mwana wokwawa. Khoswe akadya n'kutuluka panja ali dzandidzandi, womutola ndi mphaka, galu kapena kadzidzi yemweyo, poizoni n'kupitirira. Ku Alexandra, mu mzinda wa Johannesburg, makoswe atavuta anafika pokhoma mabokosi m'masukulu kuti akadzidzi azisweramo, ana a sukulu n'kumaphunzitsidwa kuwasamala. Mantha a ufiti kumenekonso analipo, abale athu okhala ku Joni angachitire umboni. Anzathu akuchita kumukhomera nyumba, ife wabwera yekha tikumufunira machesi.

Sindikunena kuti ndi mlendo wophweka ayi. Fungo limakhalapo, makamaka kukatentha. Zitosi zoyera zimatsetsereka pakhoma, siling'i bodi imathimbirira, ndipo ngati chipinda chanu chili pansi pomwe pali anawo, tulo muziiwala. Amene muli pa lendi mulinso ndi alandilodi oti muwafotokozere. Koma akuluakulu anati mbalame ikatera pa uta silasika. Iyi yatera padenga penipeni, ndipo ili ndi tsiku lochoka.

Mwana akagwa pansi, musamupatse nsima kapena mkaka. Valani magolovesi kapena mumugwire ndi thaulo, chifukwa zikhadabo zake si zamasewera, ndipo mumubwezere pomwe pali anzake chakumadzulo. Makolo a mtundu uwu amadyetsera pachisa, wapansi samulabadira. Ngati wavulala, a ku Lilongwe Wildlife Centre amalandira nyama zakutchire zovulala, kapena dziwitsani a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.

Phokoso likatha, dikiranibe masiku angapo, chifukwa ana ongoyamba kuuluka amabwererabe kudzagona. Kenako wina akwere ndi tochi, aone ngodya zonse kuti mulibe dzira kapena mwana wotsalira, asese atamanga kansalu kumphuno, ndiye akhome sefa wawaya pabowopo. Mukafulumira kutseka anawo ali m'kati, makolo azidzakuwa pa malata usiku wonse kufuna polowera, ndipo fungo la ana ofera m'siling'i lidzakuchotsetsani bodi yonse.