Ana akulembetsa zimangirizo ku makina, nanga ife tiphunzitse bwanji?

Aphunzitsi anzanga a Chichewa ndi Chingerezi m'masekondale, nkhaniyi tisainong'onezane m'sitafu mokha. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 akulembetsa zimangirizo ku makina, ndipo sizikulira kompyuta. ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti imene imakulembera zimene waipempha, inatuluka mu Novembala 2022, ndipo kuyambira mu Epulo 2024 inzake yotchedwa Meta AI ili mu WhatsApp muno m'Malawi. Foni ya amalume ndi kabandulo basi, kalata yofunsira ntchito yatuluka, ndime zoyalana bwino, galamala yosalakwika.

Ena akuti tingoletsa. Sukulu za boma za mumzinda wa New York zinaletsa ChatGPT mu Januwale 2023, koma pofika mu Meyi chiletsocho zinachichotsa. Ena akuti tidalire mapulogalamu ozindikira zolembedwa ndi makina. Apa ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Kampani ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, inatseka pulogalamu yake yotere mu Julayi 2023 chifukwa imaphonya kwambiri. Chaka chomwecho akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anapeza kuti mapulogalamuwa amanamizira kwambiri anthu amene Chingerezi sanabadwe nacho, chifukwa amalemba ndi mawu osavuta. Ameneyotu ndi mwana wathu wa ku CDSS, wolemba ziganizo zifupizifupi zimene anaphunzira movutikira. Timupatse ziro pa ntchito ya thukuta lake?

Chimene chikundiwawa n'chakuti makinawa anapeza njira yolambulidwa kale. Kwa zaka zambiri ana akhala akuloweza zimangirizo za m'mapamfuleti: ulendo umene sindidzauiwala, ngozi imene ndinaona, kuipa kodula mitengo. Mwana wa ku Nsanje ndi wa ku Karonga amatsegula ndi chiganizo chimodzimodzi, ngozi yake imodzimodzi, ngakhale onse awiri sanaione. Malikisi timapereka pa keyala, malonje, mutu ndi mathero. Zimenezo makina amazitha kuposa tonsefe. Maganizo a mwanayo sitinkawafunsa kwenikweni.

Makina sadziwa pamene madzi a namondwe wa Freddy analekezera pakhoma la nyumba ya mwana wa ku Phalombe mu Malichi 2023. Sadziwa zimene amayi amakangana pamjigo wa m'mudzi mwake, kapena mmene agogo ake anapulumukira njala ya 2002. Mitu yathu ichokere kumeneko. Mwana akafunse agogowo, abwere ndi zimene wamva m'kope, alembe m'kalasi momwemo ife tikuona. Asinthane makope ndi mnzake, alembenso kachiwiri. Kenako aime awerenge mokweza, ife timufunse kuti, "Mwambi uwu wauika pano chifukwa chiyani?" Wolemba yekha amayankha, ngakhale mwachibwibwi. Wokopera amangoyang'ana pansi.

Ndikudziwa, makalasi ndi odzaza, makope ndi mulu, mphunzitsi ndi mmodzi. Ndiye tisamalembetse chimangirizo chathunthu nthawi zonse. Ndime imodzi yolembedwa katatu imaphunzitsa zambiri kuposa masamba awiri amene tingowachonga mothamanga usiku.

Makinawo tisawabisenso. Tibwere m'kalasi ndi chimangirizo cha Chichewa chimene alemba, tichilembe pabolodi, ana achisende ngati chinangwa. Aone okha pamene chiganizo chili Chingerezi chovala mawu a Chichewa, pamene mgwirizano wa mayina wasokonekera, pamene mwambi waikidwa posayenera. Mwana akakonza cholakwa cha makina amayamba kukhulupirira khutu lake, ndipo phunziro la malamulo a chiyankhulo limakhala lamoyo.

Inunso makolo, ntchito ilipo. M'chipinda cha mayeso a MANEB simulowa foni, ndipo satifiketi ya MSCE siituluka mwana akalephera Chingerezi. Akamaliza homuweki madzulo ano, muuzeni atseke kope akufotokozereni m'Chichewa zimene walemba. Akakanika, kaonaneni ndi aphunzitsi ake teremu ino isanathe.